Batire lanu laphulika pamoto, achimwene

Ayi, si mfuti imene mwamva m'mawa uja, anzanga a kwa Kaphuka. Ndi batire. Ndimatentha zinyalala kuseri kwa nyumba, basi phuu! Moto mpaka pa chitenje changa.

Achimwene anga a Fanuwelo, lero chakwana chaka chimwalirireni inu, ndiye ndimasesa m'chipinda mwanu. Sindinadziwe kuti ndasesera kumodzi kachipangizo kanu kosutira nthunzi, kaja munapanga nokha ndi tochi yakufa mutasiya chingambwe. Ndikukuonani tsiku lija pakhonde, mukukulunga batire lake ndi tepi, lilime lili panja. Munati, "Mlongo, ili lisayandikire moto, lisakhale ndi makiyi m'thumba." Ine n'kukusekani kuti mukulera batire ngati khanda. Ee, ndinaseka ndithu. Lero ndaliponya pamoto ndi manja angawa. Zovala zanu abale anagawana, chanu chotsala pakhomo pano chinali kameneka, ndiye ndakatentha osakaona n'komwe.

Ndinayamba kufukula phulusa kuti mwina nditolepo kanthu. A Nambewe oyandikana nafe anabwera n'kundigwira mkono, amvekere, "Siyani mayi, manja apsa awa. Tiyeni mukakhale kwathu."