Masitiroberi a Chaka Chopanda Chisanu

Masitiroberi ndinawadziwa nditakalamba kale. Kumudzi kwathu tinkadziwa masuku ndi nthudza, koma tizipatso tofiira tokhala ndi njere kunja, ayi. Mbewu yake anandipatsa mnzanga wa kumpoto amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Anabwera nayo m'jumbo, timbewu tofotafota, nkunena kuti, "Amama, izi sizifuna kuzisasatitsa. Madzi muzithira m'tsinde, osati pamasamba. Zotsalazo musiyire chisanu."

Ndinabzala kuseri kwa nyumba kuno ku Chinsapo, pafupi ndi chitsime, nkutchinga ndi mpanda wa udzu kuopa nkhuku. Pofika Juni, kukamazizira mpaka mano kugundana, masana dzuwa nkuwala popanda kamtambo, zipatso zinkapsa pang'onopang'ono, zolimba, zofiira mpaka m'kati. Ukatsegula kachitseko m'mawa, fungo ndilo linkayamba kukupatsa moni. Panali mayi wina amene ankadzapikula kuti akagulitse m'tauni. Iyeyo ankati, "Agogo, dzanja lanu ndi la shuga." Ine mawu amenewo ndinawameza onse. Za chisanu ndinaiwala.

Kenako mwana wanga wamwamuna, wotsiriza, anakwatira. Anatenga mtsikana wa ku Area 23, wodziwa kusoka, wosachuluka mawu, ndipo anadzakhala m'chipinda cha kuseri. Sindinganame, mtengwa ameneyu sanandilakwire. Ataona kuti msana ukundivuta anayamba kundilanda kheni. "Amayi, khalani pansi, ndithirira ine." Ankathira m'tsinde monga ndinamuuzira, nkuyala udzu kuti zipatso zisagone padothi. Apo nkuti ali ndi pakati. Mwana wanga akaweruka ankayamba wapita kuseri kwa mkazi wake, ine nkudzandipatsa moni pambuyo, nsapato atavula kale. Tinthu totere timasungika mumtima, ngakhale iwe usakufuna.

Chaka chimenecho chisanu sichinabwere. Juni analowa ife tikufunda nsalu yokha, bulangete lili m'sutikesi. Mitambo inadzakhala pamwamba pathu ngati alendo osadziwa kutsazika. Kamvula ka mawawa kankawaza masiku atatu, kuleka, kuyambanso. Zipatso zinakula msanga, zikuluzikulu zonyenga maso, koma zotuwa kumutu. Ukaluma, madzi okhaokha, pambuyo pake kuwawasa. Zina zinkachita chuku zisanapse, ukagwira nkukuphwanyikira m'zala.

Mayi wopikula uja analawa chimodzi nkulavula. "Iii, agogo, mwayamba kulima nkhaka zofiira? Izi ndikalowa nazo m'tauni akandithamangitsa."

Azimayi awiri amene ankatunga pachitsime anaseka. Manyazi anandigwira. Pomwepo ndinakumbuka zimene ankanena akuluakulu kumudzi, zoti mayi wapakati asamadutse m'munda wa maungu, chifukwa amavunda asanakhwime. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Si ine ayi," ndinatero. "M'dimba muno mwalowa dzanja lina. Munthu ali mmene alilimu, nkumagwiragwira mbewu za anthu. Muyembekezera chiyani?"

Ine mawu anga ndi okwera, ndi chibadwa. Kuseri kwa mpanda ndinamva ndowa ikutsitsidwa pansi mwakachetechete. Mtengwa anali pomwepo, akuyanika zovala.

Tsiku lomwelo ndinamanga kachitseko ka dimba ndi linya, kheni nkulowetsa kuchipinda kwanga. Mnzanga wa kumpoto atabwera kudzacheza anayang'ana kumwamba nkunena kuti, "Ndi nyengo iyi, amama. Zanganso zavunda chimodzimodzi." Ndinamuyankha kuti miyambo ya kwathu saidziwa. Mitambo ndinkaiona ndithu, maso ndili nawo. Koma mtambo sungaukalipire.

Chimene chimandidya mpaka lero ndi ichi. Mimba ija inkamufunitsa zowawasa. Tsiku lina ndikutuluka ndi lichero la zipatso zokanidwa zija, ndinamupeza ataima panjira, manja kumbuyo.

"Amayi, ngati mukukataya, mundigawireko ziwiri. Mtima ukuzifuna."

Ndinamuyang'ana pamimba, nkumuuza kuti akangodya ndiye kuti mbewu yonse ithera pomwepo. Ndinakakhuthulira kudzala nkuwaza phulusa pamwamba. Nkhuku zinafukula nkudya. Iye akuona.

Masiku ake atayandikira anapita kukadikira kwa amayi ake ku Area 23. Mwana anabadwa, wamkazi. Ine ndinasesa chipinda cha kuseri poganiza kuti abwera naye. M'malo mwake mwana wanga anabwera ndi kagalimoto kudzatenga bedi ndi makina osokera. Anati apeza nyumba ya lendi komweko, kufupi ndi kuntchito. Kufupi kwake kotani, munthu akukwera maminibasi awiri? Sindinafunse.

Chaka chotsatira chisanu chinabwera cha nkhanza, ndipo zipatso zinatsekemera kuposa kale. Ndinapita nazo pachitsime ndikulawitsa anthu. "Mwaona? Dzanja lija lachoka." Mulungu andikhululukire, ndinanyada.

Koma chaka chachitatu mitambo ija inabweranso. Kufunda komwe kuja, mawawa omwe aja, dzuwa losaoneka. M'dimba simunalowe munthu wina koma ine, nkhalamba yamasiye yoti inaleka kubereka kalekale. Ndinathyola chipatso choyamba, chachikulu, chotuwa kumutu, nkuluma. Madzi. Ndinakhala pansi pakati pa mizere, chitenje nkunyowa. Chipatsocho sichinasiyane ndi za chaka chija ngakhale pang'ono, ndipo woti ndimuloze chala panalibe.

Sabata yathunthu ndinkangozungulira pakhomo. Ndinaganiza zodikira chaka chabwino kuti ndimupititsire mtengwa uja zotsekemera. Koma zotsekemerazo zikanakanena chiyani? Ndinatola zoipa zomwezo m'bakuli, ndinazula timbewu tinayi ndi dothi lake nkuika m'thumba, ulendo.

Mu minibasi bakuli linayamba kudontha. Kondakitala anati, "Agogo, mwapha chiyani m'mawa uno? Mutimangitsa apa." Anthu anaseka. Ine ndinangolifungatira.

Mtengwa ndinamupeza akusoka pakhonde, kamwana kakuseweretsa tizidutswa ta nsalu. Anadzidzimuka, komabe ulemu sanausiye. Anandiyalira mkeka, nkugwada.

"Amayi, nkwabwino? Mwabwera osanena."

Ndinavundukula bakuli. "Amake mwana, lawani."

Anayang'ana zipatsozo, nkuyang'ana ine. Anasankha chimodzi, analuma pang'ono, nkhope nkukwinyika.

"Ndi zomwe zija," anatero.

"Ndi zomwe zija. M'dimba muja simunapondemo zaka ziwiri. Ndathirira ndekha, ndathyola ndekha. Simunali inu. Inali mitambo. Ndinakunamizirani pamaso pa anthu, ndipo ndinakumanani chinthu choti nkhuku zinadya."

"Ndinkadziwa, amayi. Mitamboyo nanenso ndinkaiona."

"Nanga bwanji simunandiyankhe?"

"Ndikanayankha bwanji, pakhomo pali panu?"

Anabwezera chotsala chija m'bakuli, nkupukuta zala pachitenje. "Nthawi ija ndinkazifunadi. Ndinkagona ndikuzinunkhiza. Pano mtima unaleka."

Kamwana kaja kanasendera pafupi, kanatapa chipatso nkuponya m'kamwa. Kanatsinzina, nkulavulira pamwendo panga penipeni. Amake anaseka pang'ono, kenako anagwira pakamwa. Ine ndinati, "Musiyeni, walavula pamalo pake."

Anandiphikira tiyi. Tinakamba za mitengo ya makala, za mano a mwana. Potsazika ndinati, "Linya lija ndinamasula. Kachitseko kali pululu. Mukafuna, bwerani, ngakhale kudzangoona."

"Ndamva, amayi."

Sanati eya, sanati ayi. Thumba la timbewu ndinalitsamiritsa pakhoma osanenapo kanthu. Iyenso sanalifunse. Ndinabwerera ndi bakuli langa lodontha.

Pachitsime ndinanena zonse, mokweza monga ndinanenera poyamba. Koma mwa azimayi awiri aja, mmodzi anasamukira ku Mtsiliza, ndipo mpaka lero akuyenda ndi nkhani yakale ija. Wopikula uja anangoti, "Aaa agogo, zakalekale zimenezo mukuzikumbukirabe?"

Chaka chino kwazizira bwino. Lamulungu lapitali mwana wanga anabwera yekha, atanyamula kapu yovundikira ndi kachidutswa ka nsalu. M'katimo munali masitiroberi asanu, ang'onoang'ono, ofiira mpaka kuderako.

"Amake mwana akuti mulawe. Ndi a m'thumba lija. Amathirira okha m'mawa uliwonse."

"Nanga eni ake ali kuti?"

"Zosoka zawachulukira," anatero, maso ali kwina.

Ndinadya onse asanu, limodzilimodzi. Anali otsekemera kuposa anga. Kapu ndinatsuka, koma sindinampatse. Ndinati eni ake adzaitenga okha.

Ili pashelefu. Kachitseko ka dimba kakadali kosamanga, ndiye nkhuku zimalowa nkumajompha zipatso. Ndimazithamangitsa ndi ndodo kangapo patsiku, msana ukupweteka, koma linya sindimangaponso.