Dzina la pa Juzi ya Mwayiwathu

Achimwene anga a Augustine ndi munthu wofatsa. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa amene anawaonapo Loweruka kubwalo la masewera angandinene kuti ndine wabodza.

Kumudzi anali mphunzitsi wa pulayimale ku Balaka, ndipo ana ankawakonda chifukwa sankagwira mkwapulo. Anabwera kuno ku Birmingham pa visa yosamalira okalamba, ine nditawatsogolera kale. Anatenga alamu anga a Mabel ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwayiwathu, amene tonse timangomuti Mwayi. Amagwira ntchito panyumba ina ya okalamba ku Erdington. Ndinagwirapo nawo limodzi, ndiye ndikunena zomwe ndinaona ndi maso. Gogo akawalavulira phala pa yunifolomu, iwo amapepesa ngati olakwa ndi iwowo. Wina akawatukwana, amamwetulira n'kumukonzera pilo. Bwana wawo, mtsikana amene akanatha kukhala mwana wa m'kalasi mwawo, akawadzudzula pagulu, amangogwedeza mutu. Tsiku lonse amameza mawu, ndipo ine ndinkadabwa kuti mawu onse omezedwawo amathera kuti. Ndinadzawapeza kubwalo.

Mwayi atafika kuno anavutika. Anzake kusukulu ankamuseka kalankhulidwe, ndipo pa mpira wamiyendo ankamusankha pomalizira. Kenaka kunabwera bambo wina kudzawaonetsa baseball, masewera a ku America amene wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga, n'kuthamanga mozungulira bwalo. Ine poyamba ndinkangoti ndi fulaye wa anthu olemera. Koma mwana uja anawakonda ndi mtima wonse. Analowa timu ya achinyamata, ndipo akabwerako ankalongolola mpaka kutiboola makutu. Golovesi yake yogwirira mpira ankagona nayo pabedi. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno, tinamumva akutchula maina a anzake.

Zinthu zinasokonekera pamene nkhalamba ina ya kuntchito inauza achimwene kuti mdzukulu wake akuphunzira ulere ku koleji ya ku America chifukwa cha masewera omwewo. Tsiku limenelo anabwera kwanga ku Smethwick asanavule n'komwe yunifolomu.

"Fyness, taganiza," anatero. "Football mwana aliyense mu England muno akumenya. Koma baseball ndi angati? Mwayi akalimbikira apeza scholarship. Ine ndikupukuta anthu, chabwino, ndavomera. Koma mwana wanga sadzapukuta munthu."

Sindinawatsutse, chifukwa nanenso ndimapukuta anthu, ndipo mawuwo anandilowa.

Kuyambira pamenepo masewera a mwana anasanduka ntchito ya bambo. Malamulo ake anawaphunzira pa foni ali m'basi. Anayamba kusinthana mashifiti ndi anzawo, kugwira tsiku lonse lathunthu pakati pa sabata kuti Loweruka azipezeka kubwalo. M'mawa sukulu isanayambe ankamudzutsa mwana kupita naye kupaki kukaponya mpira, kaya kukuzizira kaya kukugwa mvula ya kuno yosatha ija. Mwana akati mkono ukuwawa, ankamupaka mankhwala n'kumuuza kuti aponyenso. Galimoto alibe, ndiye woyendetsa ndinasanduka ine, tsiku langa lopuma limodzi lomwelo.

Makolo a kuno kubwalo amabwera ndi timipando topinda ndi mafulasiki a tiyi. Mwana akaphonya mpira amangowomba m'manja n'kumuuza kuti wayesetsa. Pali lamulo lakuti kholo lisakalipire mwana, ndipo mphunzitsi wa timuyo, a Everton, bambo wamtali wa makolo ochokera ku Jamaica, sankasekerera zimenezo. Achimwene sankakhala pampando. Ankaima pampanda wa waya, zala atazikolowetsa m'mabowo. Ndipo posakhalitsa anatulukira njira yozembera lamulo lija: Chichewa pabwalo ponse ankamva ndi iwo, ine ndi Mwayi basi. Ankakuwa nkhope ili mwee, kuti owaona aziti akuchemerera.

"Chitsiru iwe, maso uli nawo?"

"Thamanga, chitsiru!"

Ngakhale mwana amenye bwino, panalibe kusintha. "Ukanayamba kale zimenezo, chitsiru!"

Azimayi a timipando aja ankawayang'ana mosirira. Wina anandiuza kuti akanakonda mwamuna wake akanakhala ndi chidwi chotere pa mwana. Ndinangoseka chapansipansi.

Ndinayesa kuwalankhula. "Achimwene, mwanayu mumuthyola mtima."

"Iwe, ife abambo ankatiuza zoposa pamenepa. Tinafa?"

Ndinapita kwa alamu. A Mabel amagwira ntchito Loweruka lililonse, ndipo ndinawapeza atatsamira pasinki, mapazi atatupa. "Alamu, ine ndatopa," anatero. "Ndikawayankhula akuti ndikufewetsa mwana. Ayankhuleni ndinu, ndi achimwene anu." Tinangoyang'anana, aliyense akufuna kuti katunduyo asenze mnzake.

Chimene chinkanditopetsa kwambiri ndi ulendo wobwerera. Achimwene ankakhala kutsogolo, khosi atalipotoza, n'kuyamba kuwerengera mwana zolakwa zake kuyambira pachiyambi pa masewera. Mwayi ankatsamiritsa chipumi pazenera. Chichewa amamva chonse, koma ngati ana onse a kuno amayankha m'Chingerezi, ndipo yankho lake linali limodzi: "Yes, Dad." Kulongolola kuja kunatha. Maina a anzake sitinkawamvanso. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi ankatsika galimoto ngati munthu wochokera ku ganyu. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzataya golovesi ija osaitolanso, ndipo pamodzi nayo adzataya bambo ake.

Nyengo ya masewera itatha mu Sepitembala, timu inakonza kamwambo m'kaholo ka pafupi ndi bwalo. Panali masangweji ozizira ndi zakumwa za ana. Achimwene anavala jekete yawo ya kutchalitchi. A Everton anaimirira n'kufotokoza kuti chaka chino mwana aliyense alandira juzi, ndipo pamsana palembedwa dzina limene anzake amamuitanira pamasewera. Anayamba kuitana mmodzimmodzi. Mnyamata wina wothamanga kwambiri, Jayden, analandira yolembedwa kuti Rocket, anthu n'kuseka.

Kenaka a Everton anati atsala ndi mnyamata amene wakula kwambiri pa masewera chaka chino, amenenso bambo ake sanajombepo n'kamodzi komwe. Anatambasula juzi n'kuitembenuza kuti tonse tione. Pamsana panali malemba oyera akuluakulu, osalakwika n'chilembo chimodzi chomwe: CHITSIRU.

Anyamata aja anayamba kumenya matebulo. "Chi-tsi-ru! Chi-tsi-ru!" Makolo anawomba m'manja, ena akucheukira achimwene mokondwera nawo. Mwayi anapita kutsogolo, analandira juzi ija n'kuivala pomwepo. Sanatiyang'ane.

Ndinkafuna pansi patseguke, ndipo nthawi yomweyo ndinkafuna kuwagwira achimwene pakhosi.

Mwambo utatha a Everton anabwera kudzawagwira chanza. Anafotokoza mosangalala kuti anyamata anatola dzinalo kwa achimwene, pomva mmene ankalifuulira sabata ndi sabata, ndipo akhala akumuitana choncho chilimwe chonse. Anati posafuna kulakwitsa kalembedwe anafunsa mwiniwake, ndipo Mwayi anawatchulira chilembo chimodzichimodzi. Anamufunsanso tanthauzo lake.

"He says it means 'my son'," anatero a Everton. "Is that right?"

Mwana anawauza kuti chitsiru ndiye kuti "mwana wanga". Mwayi anali chapatali pang'ono, atatipatsa msana, malemba aja akutiyang'ana.

"Yes," anatero achimwene, mawu ali pansi.

A Everton anawasisita paphewa n'kunena kuti n'zokongola.

M'galimoto tsiku limenelo munalibe kuwerengera zolakwa. Tinayenda mtunda ndithu. Kenaka achimwene, osatembenuka, anati, "Mwayi, vula chimenecho."

"It's cold, Dad."

"Unawanamiziranji?"

Mwana anafunsa, mosakwiya n'komwe, "What did you want me to tell them?" Ankafuna kudziwa chimene bambo ake akanakonda kuti awauze anthu aja. Ine ndinangoyang'ana msewu.

Alamu ataiona juziyo anakhala pansi pamasitepe n'kulira. Anaibisa pansi pa zofunda, Mwayi anaipeza. Ankaivala popita kushopu, pokwera basi, paliponse. Tsiku lina mayi wina wa ku Chipata amene timapemphera naye anakumana naye ku Cape Hill, n'kuimbira foni alamu kufunsa ngati akudziwa chimene mwana wawo wanyamula pamsana. Kutchalitchi kokha ndi kumene amayi ake anakanitsitsa, ndipo ankaivulira pakhomo.

Achimwene anapita kwa a Everton kuti akapemphe juzi ina. Ndinawaperekeza. Koma kuti apemphe ankayenera kufotokoza chifukwa chake, ndipo kufotokoza kunali kuulula kuti chilimwe chonse ankatukwana mwana wawo pamaso pa anthu akumwetulira. Anaima pamenepo akupotokola chipewa, anakamba za mvula, tinabwerera.

Nyengo yozizira yonse sanamudzutsenso mwana m'mawa. Nkhani ya America inazimiririka pakamwa pawo. Kupepesa sanapepese, chifukwa amuna a kwathu pakamwa pawo mawu amenewo amalemera, ngakhale kuntchito amawatchula tsiku lonse. M'malo mwake anagula golovesi yatsopano yachikopa n'kuiika pabedi pa mwana. Mwayi anathokoza mwaulemu n'kuilowetsa kunsi kwa bedi. M'nyumbamo munali mtendere wotopetsa, wa anthu odutsana pamasitepe. Achimwene anaonda. Ankabwera kwanga, kukhala pampando osavula jekete, tiyi mpaka kuzizira, n'kunyamuka.

Tonse tinkaganiza kuti mwanayo sabwereranso kubwalo. Koma mu Epulo, nyengo yatsopano itayandikira, anatsitsa chikwama chake yekha n'kundipempha kuti ndikamusiye. Achimwene anandikokera pambali kukhitchini.

"Fyness, ndipite nawo? Sindiyankhula kanthu. Ndingoima basi."

"Mufunseni mwiniwake."

Anamufunsa. Mwayi anangokweza mapewa.

Kubwalo anakaima pamalo awo akale, manja ali m'matumba. Mwayi anaphonya mpira woyamba, iwo duu. Anaphonyanso, ndinaona nsagwada zikugwedera, koma sanatulutse mawu. Mzimayi wina wa kampando anawafunsa ngati akudwala, poti lero sakumveka.

Chakumapeto kwa masewera inafikanso nthawi ya Mwayi yomenya. Mpira unabwera, chibonga chinalira, ndipo kampira kaja kanauluka kupitirira onse mpaka kugwera kuseri kwa mpanda wakutali. Sanamenyepo chotero chiyambire. Anathamanga kuzungulira bwalo lonse, makolo ataimirira. Achimwene anatulutsa manja m'matumba n'kugwira waya.

"Mwayi!" anakuwa. "Mwayiwathu! Mwana wanga!"

Mwanayo ankadutsa pafupi ndithu, moti thukuta la pakhosi pake ndinkaliona, koma sanacheuke. Sindikudziwa ngati anachita dala, kapena pabwalo limenelo makutu ake anali asanazolowere dzina limeneli kuchokera pampanda. Nthawi yomweyo Jayden anadumpha pabenchi n'kufuula, "Chitsiru!" Mwayi anatembenuka msangamsanga, anakweza dzanja, akuseka mano onse pamtunda, n'kuthamangira kwa anzake.

Achimwene anakhala atagwira waya uja kwa kanthawi. Kenaka anandiyang'ana, maso atafiira.

"Fyness, ndimuitane kuti chiyani kuti atembenuke?"

Yankho lake tonse awiri tinkalidziwa. Anayang'ananso mwana wawo ali pakati pa anzake, anakoka mpweya ngati afuna kukuwa, kenaka anatseka pakamwa.