Anandimenya Ngati Wakuba Tikujambula Filimu ku Chikanda

Khutu langa lakumanzere silimva, ndipo mano awiri akutsogolowa ndi oikirira. Anthu akandifunsa ndimangoti inali ngozi, koma inu owerenga ndikuuzani zoona: ndinamenyedwa ndi chigulu cha anthu ku Chikanda chifukwa cha filimu yoseketsa.

Nthawiyo ndinali Fomu 3, ndikukhala ndi azakhali anga ku Mtiya, mumzinda wa Zomba. Ndine wachibwibwi chibadwire. Kusukulu atsikana anzanga ankatsanzira kayankhulidwe kanga n'kumaseka, choncho ndinkangokhala ndekha. Koma ndikamaimba, chibwibwi chimatheratu. Lamulungu lina mnyamata wophunzira kukoleji ya ku Chirunga, dzina lake Lonjezo, anandimva ndikuimba kwaya kutchalitchi. Anati iye ndi anzake akupanga filimu yawoyawo ya nyimbo ndi nthabwala, yonena za mtsikana wopanda anzake amene bwenzi lake lapamtima ndi tambala. Mtsikanayo sayankhula, chilichonse amachita kuimba, ngakhale pogula mchere. Anandipempha kuti ndikhale mtsikana ameneyo. Azakhali anakana, ine ndinalira mpaka analola.

Poyamba zinali zokoma. Tinkakwera kuphiri, ine nditabereka tambala kumbuyo ngati mwana, n'kumamuimbira m'mitengo ya paini, ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu akuvomera nyimbo uku akufa ndi phwete. Aka kanali koyamba kuti anthu azindiseka ine ndikusangalala.

Kenaka tinafika gawo loti tambala wagulitsidwa, ndiye mtsikana uja akukamuba pamsika n'kuthawa akuimba. Lonjezo anati tijambule ku Chikanda Loweruka masana, anthu osawauza, kuti kudabwa kwawo kuoneke kwenikweni. Anangopangana ndi bambo wogulitsa nkhuku basi, kamera n'kukaibisa m'kagolosale kutsidya kwa msewu. Mtima wanga unakana, koma ndinaopa kuti ndikatsutsa asankha mtsikana wina.

Ndinatsomphola tambala uja n'kuliyatsa liwiro. Anzathu awiri anakuwa monga tinagwirizana kuti, "Wakuba! Wakuba uyo!" Sindinamalize ngakhale mzere woyamba wa nyimbo. Wakabaza wina ananditchera mwendo, ndinagwa chafufumimba, pakamwa n'kumenyetsa pamwala. Ndisanadzuke, anthu anali atandiunjirira. Nsapato m'nthiti, zibakera kumaso. Mayi wina anandikoka tsitsi n'kumandikhwekhwereza m'fumbi. Bambo wina anandimenya ndi thabwa la benchi pakhutu, ndinangomva kuti phuu, dziko lonse n'kukhala zii mbali imodzi.

Ndinkafuna kunena mawu amodzi okha, akuti filimu. Lilime linakana. Ndinkangoti "fi... fi... fi...", magazi akutuluka m'kamwa, iwo n'kumati ndikunamizira misala. Lonjezo anabwera akuthamanga, kamera ili m'manja, akukuwa kuti ndi sewero chabe. Wina anati, "Ndi gulu limodzi amenewa!" Anamugenda ndi njerwa pachipumi, kamera n'kuiphwanyira pansi. Wogulitsa nkhuku uja anayesa kufotokoza, koma palibe anamumvera.

Kenaka ndinamva wina akuitanitsa tayala. Fungo la petulo linandifika m'mphuno. Inu owerenga, ndinadzikodzera.

Anandipulumutsa ndi Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa zitenje, amene sankandidziwa n'komwe. Anakankha amuna aja, n'kudzagona pamwamba panga thupi lonse. Ndinawamva akukuwa kuti, "Muyambe mwaotcha ine! Mwana wamng'ono ngati uyu, chifukwa cha nkhuku?" Zibakera zina zinagwera iwo, koma sanasunthe mpaka apolisi anafika.

Ndinagonekedwa m'chipatala nthiti zitathyoka. Azakhali ankangolira pambali pa bedi, akudziimba mlandu kuti anandiloleranji. Filimu yathu inathera pomwepo. Koma alipo amene anajambula pafoni ndikumenyedwa, ndipo kanema ameneyo ndi amene anafalikira Zomba yense, pamwamba atalemba kuti mtsikana wakuba nkhuku. Ndi filimu yokhayo imene anthu anandioneramo. Kusukulu sindinabwererenso, azakhali ananditumiza kwa amalume ku Balaka.

Achinyamata opanga mafilimu, chonde musamabise kamera. Uzani amsika, uzani apolisi, aliyense adziwe kuti ndi sewero. Atsikana anzanga, mtima ukakana chinthu, nenani, ngakhale mukuopa kutaya mwayi. Ndipo inu amene mukangomva kuti wakuba mumatola mwala musanafunse, dziwani kuti tsiku lija amene anandimenya kwambiri anali anthu wamba, ena atanyamula ndiwo za ana awo. Mwina mmodzi wa iwo ndinu amene mukuwerenganu. Munatsala pang'ono kuotcha mwana wosalakwa.