Maliro a wachisoti chachikasu

Kunyumba yosamalira okalamba ku Croydon, komwe ndinkagwira ntchito, kunali agogo ena aamuna, achizungu, amene kale anali makaniko wa magalimoto ampikisano. Mutu unali utasokonekera. Ana awo sankawazindikira, koma katswiri wa ku Brazil wa chisoti chachikasu ankamukumbuka bwinobwino. Ankati anamumangirapo matayala ali mnyamata, asanakhale ngwazi ya dziko lonse. Chomwe anaiwala n'chakuti munthuyo anafa kalekale, galimoto yake itawomba khoma.

Akangomva za imfayo ankalira ngati uthenga wafika lero, n'kukana chakudya, chonsecho thupi linali litatha kale. Mwana wawo anatichonderera kuti asadzaonenso ngoziyo.

Lamlungu lina masana ndikugawa tiyi, ndinamva injini zikulira m'chipinda chochezera. Pa TV ankaonetsa mbiri ya katswiriyo, agogo ali kutsogolo penipeni, akumwetulira. Tiyi ndinamusiya pomwepo.

"Rimoti ili kuti?" ndinafunsa mnzanga wa ku Zambia.

"Siniziba, sisi. Nasakila paliponse."

TV yakenso yopanda mabatani, waya wake analowetsa m'khoma. Amene anaikhoma ndimamutukwanabe mumtima. Ndinapisa m'mipando yonse, uku pa TV zikho ndi mbendera zikudutsa, zaka zikuthamanga kuposa magalimotowo. Kenako nyimbo inasintha, n'kukhala yachisoni.

"Agogo, tiyeni panja, kwawala dzuwa."

"Khala chete iwe, akutsogola!" Anagwira zolimba mawilo a njinga yawo ya olumala, ndipo kukoka munthu mokakamiza n'koletsedwa.

Ndinaima kutsogolo kwa TV nditatambasula juzi. Koma ine ndi kafupikafupi. Ngozi yonse anaionera pamwamba pa mutu wanga.

"Adzuka, eti?" anafunsa.

Kwathu namfedwa sitimuimirira ngati mtengo. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo, miyendo nditatambasula monga timachitira pasiwa. Analira, nanenso ndinalira zenizeni, poti mayi anga anaikidwa m'manda ine ndili kuno pa shifiti. Tiyi anazizira, bwana anasuzumira n'kubwerera.

Madzulo analandira phala m'manja mwanga, pang'ono pokha, koma anameza. Powavula kuti akagone, rimoti inagwa kuchokera m'malaya mwawo. Anali ataibisa okha, kuti tisawazimitsire mnyamata wawo.