Ndinafufuta Mii-chan pa gemu ya Ryohei

Anzanga, Ryohei ndinakumana naye kuntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Takamatsu. Analowa atanyamula makina a gemu, omwe aja ana amasewera pa TV. Ine kuseka.

"Agogo athuwa mukufuna aziwomberana mfuti?"

"Dikirani muone," anatero, uku akulumikiza kamera ndi kathabwa kopondapo.

Pasanathe ola, agogo omwe amakana kulimbitsa thupi anali kalikiliki kuthyola malalanje a pa sikirini, makina akuyeza mmene mwendo ukupondera ndi mmene mtima ukugundira. Ryohei ankati kutsogoloku gemu idzakhala nesi wa m'nyumba. Panopa ikadali yoyeserera, zonse imasunga m'mimba mwake momwemo, adokotala amachita kuwatengera. Ndinkagwedeza mutu, koma kunena zoona ndinkayang'ana manja ake.

Tinayamba ndi kukadya udon, supageti wa kuno, Loweruka lililonse. Pofika nyengo yotentha ndinali ndi kiyi wa nyumba yake, masilipasi anga ali pakhomo. Pa gemu yake ya kunyumba panali mayina awiri, lake ndi langa.

Tsiku lina ndinapezapo lachitatu. Mii-chan.

Ndinatsegula. Makilo 44, kaphazi kakang'ono. Lachiwiri ndi Lachisanu masana, nthawi yomwe ine ndimakhala pa shifiti, miyezi inayi yathunthu! Masewero ake? Kuvina kogwirana manja, ndipo wovina naye anali Ryohei.

Anzanga, ine nsanje ndili nayo, sindibisa. Ndinakwera pa kathabwa kaja, ine makilo 57. Sabata imeneyo mpunga ndinausiya. Masilipasi a alendo ndinawanunkhiza, m'bafa ndinasakamo tsitsi ngati wapolisi. Nditamufunsa mozungulira zomwe amachita Lachiwiri, anangoti ndi za ntchito, n'kusintha nkhani.

Lachisanu m'mawa Ryohei atatuluka kukataya zinyalala, ndinagwira rimoti. Makina anandifunsa kawiri ngati ndikufunadi kufufuta zonse za Mii-chan. Kawiri konse ndinavomera, ndipo kuntchito ndinapita ndikuimba.

Masana Ryohei anandiimbira foni.

"Chinatsu, wakhudza gemu?"

"Eya. Umuuze Mii-chan wakoyo azikavinira kwawo."



"Dzina lawo ndi Mitsue. Ndi mayi anga. Ndipo akumva, ali pompano."



Mayiwo anadwala sitiroko chaka chathachi, ndipo Ryohei ankakawatenga kuchipatala kuti adzalimbitse mwendo pa gemu ija kunyumba kwake. Mii-chan ndi dzina lomwe malemu amuna awo ankawaitana nalo. Lolemba lotsatira Ryohei amayenera kutengera adokotala zonse zomwe gemu inasunga, kuti aone ngati mayiwo angabwerere kukakhala okha kunyumba kwawo. Zomwezo ndi zomwe ine ndinafufuta.

"Nanga osandiuza bwanji?" ndinafunsa ndikulira.

"Anandiletsa. Anati mpongozi sangamulandire akukoka mwendo. Amafuna adzagwade okha pamphasa, akuweramire, akuthirire tiyi ndi manja awo. Anali atatsala pang'ono, Chinatsu."

Mawa lake ndinapita kwa Ryohei, komwe mayiwo anagona, ndi bokosi la maswiti kukapepesa. Mayiwo anatuluka ndi ndodo, n'kuwerama kuposa ine, akupepesa kuti andisowetsa mtendere. Bola akanandilalatira. M'nyumba sanandilowetse, ndipo Ryohei anandiperekeza mpaka pa siteshoni kuti angondipempha kiyi wake.

Zoyeza zija anayambiranso, miyezi ina inayi. Wowathandiza anali Kaho, mnzanga wa kuntchito wodziwa za mafupa, amene ndinachita kumupempha ndekha poganiza kuti mwina Ryohei andikhululukira.

Mwezi watha Kaho anabwera pa shifiti nkhope ili ngwee, akufotokozera aliyense kuti mayi Mitsue tsopano akugwada okha. Atandiona anatsitsa mawu, koma ndinali nditamva kale.

Anzanga, amene anamwa tiyi wa mpongozi uja ndi Kaho. Ndipo mawa ndili naye shifiti imodzi.