Dengu lija linadzaza, azakhali

Azakhali, dzulo ndinaperekeza mwana wanga Esita kuchipatala. Chimwalirireni khanda lake sadya, sagona, amangoti wolakwa ndi iyeyo. Adokotala anamuuza kuti amenewa ndi matenda a maganizo, amachizika, n'kumupatsa mapilitsi. Pobwerera, minibasi ikudutsa m'minda ya tiyi, ndinakumbukira inu.

Inu zinakuonekerani muli mtsikana, m'ma 1930, nthawi ya thangata. Munagoneka mwana wanu wodwala pamthunzi chifukwa kapitawo anakana kuti muweruke dengu la tiyi lisanadzaze. Litadzaza, munakamupeza atazizira kale. Kapitawoyo palibe anamufunsa kanthu. Inuyo ndiye munadzizenga mlandu mpaka imvi, abale n'kumati mumachita dala, nthawi zina n'kumakumangani chingwe. Tsiku lina ndinakupezani kuseri kwa nyumba mukutchola masamba a mpanda mwaphuma ngati tiyi, zala zili magazi okhaokha. Munandigwira mkono, n'kunena kuti, "Tamvetsera, mwana uja akulirabe?" Ine ndinati, "Ayi azakhali, wagona." Munapumira m'mwamba n'kukhala pansi. Moyo wanu wonse, mankhwala amene munalandirapo ndi bodza langa lomwelo basi.