Galimoto Yofiira Yokokera Kumanzere

Ndakonza magalimoto pa Uliwa kwa zaka zambiri, koma ochuluka ndi maminibasi ndi malole onyamula mpunga. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, pagalaja panga panaima galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yaifupi moti mimba yake inkangotsala pang'ono kukhudza pansi. Inali itangolowa m'dziko muno pa Songwe kuchokera kudoko la Dar es Salaam. Munatuluka mayi a imvi, atavala chitenje ndi nsapato zothamangira.

"Bambo, amakaniko ndinu? Ndikangosiya chiwongolero pang'ono, galimotoyi ikuthawira kumanzere."

Anandiuza kuti anali namwino, anapuma ntchito, ndipo galimoto yothamanga chonchi ankaisirira kuyambira ali mtsikana. Kudoko anapita okha kukaitenga.

Ndinayamba ndi mpweya. Unali wofanana m'matayala onse. Jeke wanga anakana kulowa pansi, mpaka tinayamba taikweza pamatabwa. Ndinagwedeza tayala lililonse, koma panalibe logwedera.

"Tiyeni tiyende nayo," ndinatero.

Tinalowera cha ku Sangilo, ine ndikuyendetsa. Mpando wake unali wotsika ngati wakhala pamphasa. Paminibasi umapotoza chiwongolero kwambiri matayala asanamve, koma iyi inkamva ngakhale chala. Msewu unali wowongoka, chiwongolero chili chopendekeka.

Makina oyezera matayala ndilibe. Titabwerera ndinakunga chingwe kuzungulira matayala onse anayi, n'kuyeza ndi tepi. Lakutsogolo kumanzere linkaloza kunja. Ndinakwawira pansi ndipo ndinapeza kuti tayirodi, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ndi tayala, yapindika pang'ono.

"Munagunda dzenje, mayi?"

"Ayi ndithu. Ndayenda nayo ngati ndanyamula khanda."

Anagwada, n'kundiunikira ndi foni yawo. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti penti inasupuka mozungulira chitsulocho ngati mphete. Mwala kapena dzenje zimamenya mbali imodzi. Nanga ichi chinali chiyani?

Mayiwo anawomba m'manja. "Kudoko inakana kulira, batire linatha. Anthu ena anachita kuikoka ndi tcheni. Koma sindinaone pomwe anakola."

Ndinazungulira kutsogolo kufuna pokolera tcheni, osapaona. Pabampala panali kachivindikiro kang'ono ngati ka botolo. Nditakatsegula ndi sikuludiraiva, m'kati munali bowo la mazinga. Tinafufuza kubuti, ndipo pansi pa kapeti tinapeza ngowe yake yomangira m'bowomo, ikadali yonyezimira. Anthu akudoko aja sanaidziwe, n'chifukwa chake anakola tcheni patayirodi, ndipo kunena zoona inenso ndinali ndisanaionepo. Tonse tinaseka, ine ndikuimanga ndi kuimasula kangapo.

"Ndiye tayirodiyo muiwongola ndi hamala?" anafunsa.

Ndinakana. Chitsulo chowongoledwa chimafooka, ndipo galimoto yaliwiro si yoseweretsa. Ndinangomasula nati n'kupotoza tayirodiyo mpaka tayala linagwirizana ndi chingwe, kuti akafike ku Mzuzu akaike yatsopano. Ndinawachenjeza kuti pachikweza cha Chiweta ayende pang'onopang'ono.

Patatha sabata ziwiri anandiimbira foni. Tayirodi yatsopano anaipeza movutikira, koma inaikidwa, galimoto sinkakokeranso kumanzere, ndipo anali pa ulendo wokaona mchemwali wawo ku Nkhata Bay.